Atiitana kukasewera mu circus ku Britain: amene munayendapo, moyo wake ndi wotani?

Chipidigoli wa ku Mbayani:
Moni akuluakulu ndi anzanga nonse pagulu pano. Ndabwera kudzapempha nzeru. Ndili m'kagulu ka anyamata omenya chipidigoli, timasanjikizana pamapewa, timalumpha chingwe ndi kudutsa m'mikombero. Timasewera m'maukwati, pa zochitika za makampani, nthawi zina pabwalo la mpira. Bambo wina waona mavidiyo athu pa Facebook ndipo akuti atipezera malo mu circus (chionetsero cha masewera aluso cha m'tenti yaikulu) yoyendayenda ku Britain, kuyambira Malichi mpaka Okutobala. Akuti pogona ndi pawo, malipiro ndi a pa sabata. Koma akuti tiyambe tamutumizira ndalama ya mapepala ndi mapasipoti athu. Amayi akukanitsitsa, abambo akuti mwamuna saopa ulendo. Ine mtima uli m'mwamba. Alipo pano amene anagwirapo ntchito imeneyi kunja?

Mayi Nesi ku Leeds:
Mwanawe, za circus adzakuuza odziwa. Ine langa ndi limodzi: ndalama usatumize, pasipoti usapereke.

Wonyamula Anzake:
Mphwanga, ndayenda ndi ma circus a tenti ku Germany ndi kuno ku Britain, ndipo ndikulemba ndili m'kalavani. Mayi Nesi anena zoona. Pasipoti umapita nayo wekha ku ofesi ya viza, chifukwa kumeneko amafuna zidindo za zala zako ndi chithunzi cha nkhope yako. Palibe munthu angakuimirire pamenepo, ndiye bambo wakoyo akuifuniranji?

Viza imene ambiri timalowera nayo kuno imatchedwa Creative Worker, kale inkatchedwa Tier 5. Woyambitsa mapepala si iwe. Mwini circus ayenera kukhala ndi chilolezo cha boma cholembera anthu akunja, ndipo iye ndiye amakutumizira nambala ya certificate of sponsorship. Ndi nambala imeneyo umafunsira viza pa intaneti. Mndandanda wa makampani onse okhala ndi chilolezocho uli poyera pa tsamba la boma la Britain. Funsa dzina la circus, ukalifufuze pamenepo. Akamazemba kutchula dzina, nkhani yathera pomwepo.

Viza imafika miyezi 12, ndipo itha kuonjezedwa mpaka 24 ngati ukadali kwa bwana yemweyo. Popeza mukakhala kupitirira miyezi 6, mudzayezetsa TB musananyamuke. Palinso ndalama ya chipatala, £1,035 pa chaka, ndiponso pamafunika £1,270 mu akaunti pokhapokha bwana atalemba kuti akusamalirani yekha mukangofika. Circus yolongosoka imakuuza poyera kuti ichi alipira ndani, icho alipira ndani. Ejenti weniweni amadya gawo lake pa malipiro ako utayamba ntchito, osati usananyamuke.

Koma chachikulu chimene ndikufuna umve ndi ichi. Viza ija yamangirira pa bwana mmodzi. Mukayambana, sungatuluke n'kukalowa tenti ya wina mawa lake. Kalavani imene ukugonamo ndi yake, magetsi ndi a jenereta yake, galimoto yokukokera ku tauni ina ndi yake. Ntchito, pogona ndi chilolezo chokhala m'dziko zonse zili m'dzanja la munthu mmodzi. Bwana akakhala wabwino, ndipo abwino alipo, moyo umayenda. Akakhala woipa, ulibe kothawira kupatula pa bwalo la ndege, ndipo ngati pasipoti ili m'thumba lake ndiye kumenekonso sungafike.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Ndionjezereko pa nkhani ya pasipoti, kuti achinyamata asayese ndi mantha a makolo chabe. M'zaka za m'ma 1990 anyamata a kwaya ochokera ku Lusaka anatengedwa kupita ku Texas. Analonjezedwa malipiro ndi sukulu, koma anangoimbitsidwa m'matchalitchi ndi m'masukulu tsiku ndi tsiku, ndalama n'kumalowa kwa eni ulendo, mpaka boma la America linalowererapo. Amenewo anali aluso ngati inu, ndipo anapita ndi mapepala. Za amayi athu ku Oman tonse tazimva. Pofuna kuthana ndi mchitidwe wotere, Malawi anakhazikitsa lamulo la Trafficking in Persons mu 2015, chaka chomwechonso Britain inakhazikitsa Modern Slavery Act. Bwana wokulanda pasipoti kumeneko akhoza kuimbidwa mlandu.

Chipidigoli wa ku Mbayani:
Zikomo achimwene, zikomo aphunzitsi. Ndimufunsa dzina la circus lero lomwe. Koma achimwene, mundiuzekonso za tsiku ndi tsiku. Mukadzuka mumatani?

Wonyamula Anzake:
Pabwalo pamene anthu akukuombera m'manja umakhalapo mphindi 7, mwina 10. Kawiri pa tsiku, Loweruka nthawi zina katatu. Zotsalazo ndi ntchito ina.

Sabata imayenda chonchi. Lamlungu tikamaliza chionetsero chomaliza, oonerera asanathe n'kutuluka komwe, ife tavula kale zonyezimira, tavala ovolosi ndi majombo, tikuzula mipando. Kenako mpanda wa bwalo, nyale, nthambo za magetsi, ndiye chinsalu cha tenti chimatsika. Chikanyowa ndi mvula chimalemera koopsa, kuchipinda kwake msana umachita kuwawa. Zikhomo zake ndi zachitsulo, zazitali, zambirimbiri, ndipo chilichonse chiyenera kuzulidwa ndi kunyamulidwa. Usiku womwewo kapena Lolemba mbandakucha malole amanyamuka. Tikafika, akulu amayeza malo, ife kukhoma zikhomo, kuimika mizati ikuluikulu, kukweza chinsalu, kupanga mipando. Lachitatu madzulo tatsegula m'tauni ina. Kuli ngati kusamutsa mudzi wonse sabata ndi sabata, ndi madzi ake, magetsi ake, zimbudzi zake ndi ana ake omwe.

M'ma circus aakulu monga Krone ya ku Munich kapena Knie ya ku Switzerland muli anthu olembedwera tenti yokha. Koma ambiri ndi ma circus a pabanja, ndipo mmenemo wosewera ndi yemweyo wokhoma zikhomo, wogulitsa mbuliwuli pa nthawi yopuma, woperekeza anthu ku mipando, womata mapepala otsatsa m'mawindo a masitolo. Ine ntchito yanga pabwalo ndi kukhala pansi, anzanga n'kumakwera pa ine. Ndiye ganiza, Lachiwiri ndagwira hamala tsiku lonse, Lachitatu mapewa omwewo anyamule anthu popanda kugwedezeka. Kontirakiti inene poyera ngati mudzagwira tenti, ndipo ngati mudzagwira, malipiro ake ndi ati.

Ndiye matope. Kuno timaima m'mabwalo a udzu, ndipo mvula ilibe nyengo. Malole amatitimira mpaka kuitana thirakitala ya mlimi. Zovala zosewerera umazinyamula m'mwamba podutsa pakati pa kalavani ndi tenti. Mphepo ikauka usiku onse amuna timadzutsidwa kukakunga zingwe, chifukwa tenti ikang'ambika tonse ntchito yatha.

Malume a ku Joni:
Walira mvula walira matope, mwauona nokha. Ine ndinaonerako Boswell Wilkie kuno ku South Africa, inali circus yaikulu ya njovu ndi mikango, koma inasiya kuyendayenda mu 2001. Ya ku America yotchuka ija, Ringling, inatseka mu 2017. Ana inu mukuthamangira ntchito imene ikufa. Phunzirani umakaniko.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Amalume, Ringling inatseka mu 2017 zoona, koma inabwerera mu 2023, yopanda nyama. Chimene chikufa ndi circus ya nyama zakuthengo. Ku England lamulo loletsa nyama zakuthengo m'ma circus oyendayenda linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2020. Roncalli ya ku Germany inasiya nyama mwa yokha n'kuyamba kuonetsa zithunzi za kuwala m'malo mwake. Maganizo anga ndi akuti pamene pachoka njovu payenera kulowa munthu, ndipo munthu ameneyo kawirikawiri ndi wa ku Kenya, Tanzania, Ethiopia, Guinea, Mongolia kapena Cuba. Anyamata awiri a ku Tanzania, Ramadhani Brothers, anapambana America's Got Talent: Fantasy League mu 2024, wina ataima chadodolido pamutu pa mnzake. Ntchito ilipo. Vuto lathu ndi lakuti anzathuwa anayamba kale. Tanzania inatumiza achinyamata ku China kukaphunzira masewerawa m'ma 1960, Kenya m'ma 1980, ndipo ku Bagamoyo amaphunzitsa m'sukulu ya zaluso. Ife timadziphunzitsa pa mchenga.

Malume a ku Joni:
Ndamva aphunzitsi. Koma umakaniko sutha ndi bondo.

Nachisale wa pa Nsalu:
Pamenepo amalume sananame, ndipo ndilankhulepo ine chifukwa ndimasewera m'mwamba, pa nsalu ndi pa mkombero wolendewera. Kwathu ndi ku Chipata, ndinakulira ku Lusaka. Kumeneko anyamata a ku Chibolya anayambitsa Circus Zambia, ndipo ku Cape Town kuli Zip Zap kuyambira 1992, ndiye amene akuti kwathu kuno kulibe kophunzirira afufuze bwino.

Thupi ndiye katundu wako yense. Mu Malichi ndi mu Okutobala m'tenti mumazizira mpaka zala kuuma, ndipo nsalu yozizira imaterera. Mu Julayi pamwamba penipeni pa tenti pamatentha mpaka chizungulire. Kutenthetsa thupi usanalowe kumatenga nthawi yaitali kuposa sewero lenilenilo, ndipo amene amadumpha zimenezi ndi amene timawaperekeza kuchipatala. Mapewa, zigongono, mawondo, msana, zonse zimadyeka pang'onopang'ono. Ngakhale ku Cirque du Soleil, circus yaikulu ya ku Canada, kumene kuli akatswiri oyang'anira chingwe chilichonse, mayi wina anagwa n'kumwalira ku Las Vegas mu 2013, bambo wina ku Tampa mu 2018. Nanga mu circus yaing'ono imene tenti imakwezedwa mothamanga sabata iliyonse? Ine zitsulo zanga zokolekera ndimakwera kukaziona ndekha m'tauni iliyonse. Wina akhoza kukhumudwa kuti sindikumukhulupirira, koma wolendewera ndi ine.

Funso limene mufunse musanasaine ndi ili: ndikathyoka, chichitike n'chiyani? Malipiro apitirira? Kwa masabata angati? Ndikhalabe m'kalavani kapena ndichoke? Tikiti yobwerera agula ndani? Ine ndinaona mnzathu wa ku East Africa atathyoka mwendo pa circus ina imene sindiitchula. Sabata yomweyo malipiro anaima, ndipo ife anzake ndi amene tinkasonkherana chakudya chake mpaka atakwera ndege. Kuno ku Britain bungwe la Equity limalandira osewera mu circus, ndipo umembala wake uli ndi inshuwalansi ndi thandizo pa milandu ya kontirakiti. Lowani mukangofika.

Mayi Nesi ku Leeds:
Achemwali anena bwino. Ndionjezeko ziwiri za kuntchito kwanga. Choyamba, kulembetsa kwa dokotala wa m'dera, amene kuno timati GP, sikufuna kuti ukhale ndi umboni wa adiresi, ndipo woyendayenda atha kulembetsa ngati mlendo wosakhalitsa. Pa ngozi pitani ku A&E, mbali ya chipatala yolandira odwala mwadzidzidzi, musadikire bwana kuti avomereze. Chachiwiri ndi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ana a kwathu. Tinazolowera kulowetsa mbaula m'nyumba mu Juni. M'kalavani musayerekeze, ngakhale kusiya sitovu ya gasi ikuyaka kuti muothe. Mpweya wa carbon monoxide sununkha, suoneka, umangokugoneka. Timabowo tolowetsa mpweya musatitseke ngakhale kuzizire bwanji, ndipo kachipangizo kolira kakamva mpweyawo kagulidwe tsiku loyamba.

Wonyamula Anzake:
Eya mayi, makamaka chifukwa m'ma circus ambiri jenereta imazimitsidwa usiku, ndiye hita ya magetsi imazima nayo. Mapaipi a madzi amaundana. M'mawa umatenga chigubu kukatunga pa mpopi umodzi wa gulu lonse.

Za malipiro ndisaiwale, chifukwa apa ndi pamene magulu athu amaphwasukira. Circus imagula sewero lonse, osati munthu mmodzimmodzi. Ndalama imapita kwa mtsogoleri wa gulu, iye ndiye agawe. Ndaona anyamata okulira limodzi, odyera mbale imodzi, atasiya kulankhulana pofika Ogasiti, koma madzulo n'kumakwerana pamapewa. Zimenezo n'zoopsa. Gwirizanani musananyamuke, mulembe, aliyense asaine pamaso pa makolo, ndipo ngati n'kotheka aliyense azilandirira mu akaunti yake.

Chinanso. Malamulo a viza imeneyi amati wosewera alipidwe malipiro osachepera amene mabungwe monga Equity anaika, koma a circus, oimba ndi ma model anawapatula pa lamulo limenelo. Ndiye chokutetezani chenicheni ndi chimene chalembedwa mu kontirakiti yanu. Onani ngati tsiku lopanda chionetsero limalipidwa. Mphepo ikakula, kapena khonsolo ikakana malo, sabata yonse itha kudutsa tenti ili pansi. Onaninso zodulidwa: gasi, magetsi, kalavani, zovala.

Mayi a Tadala:
Inu nonse mukukamba za opita. Ine ndine wotsala. Bambo a kunyumba kwathu ali m'gulu lina loyenda ndi circus ku Ulaya. Nyumba tamanga ndi ndalama imeneyo, sindingainyoze. Koma apongozi anga atamwalira, maliro tinaika iwo akuonera pa foni, ali ndi utoto kumaso chifukwa chionetsero chachiwiri chinali pafupi. Akanachoka, anzawo onse sakanasewera, ndipo tikiti ya mwadzidzidzi ikanadya ndalama ya miyezi. Mwana wathu wamng'ono akabwera bambo ake amayamba wabisala kumbuyo kwanga.

Ndiye abale amaganiza kuti munthu ali ku Ulaya ndalama akutola pansi. Wina fizi, wina feteleza, wina malata. Sadziwa kuti ndalama ya miyezi isanu ndi itatu iyenera kutidyetsa miyezi khumi ndi iwiri, ndipo chaka chamawa palibe walonjeza. Mphwanga wa ku Mbayani, amayi ako sakukana chifukwa chosadziwa zinthu. Ukhale nawo pansi, uwaonetse pepala lililonse.

Nachisale wa pa Nsalu:
Pepani mayi. Zimenezo ndi zimene zimawawa kuposa bondo. Ine ndinaphonya ukwati wa mng'ono wanga.

Kwa atsikana amene akuwerenga, chifukwa ndikudziwa alipo: funsani kuti mudzagona pati komanso ndi ndani. Osakwatira kawirikawiri amaikidwa m'chigalimoto chogawidwa tizipinda, bedi, kakabati, basi. Chitseko chikhale ndi loko wa mkati. Malo ake ndi aang'ono, aliyense amadziwa za mnzake, ndipo wokuvutitsa akakhala mwana wa mwini circus kudandaula kumavuta, pa chifukwa chomwe achimwene anena chija, chakuti zonse zili m'dzanja limodzi. Khalani ndi munthu wa kunja kwa circus wodziwa tauni imene muli sabata iliyonse, ndi ndalama ya tikiti imene simuikhudza.

Chipidigoli wa ku Mbayani:
Ndamufunsa. Akuti dzina la circus ndi chinsinsi mpaka titalipira, ndipo akuti tikachedwa malo apatsa a ku Kenya. Ndawaonetsa anzanga zonse mwalembazi. Sitilipira.

Woyang'anira Gulu:
Mwachita bwino. Nditumizireni kuseri zithunzi za mauthenga ake, pagulu pano musaike dzina kapena nambala ya munthu. Mukanenenso kupolisi, chifukwa akulembera enanso. Zokambirana zipitirire.

Kamtsikana ka ku Area 25:
Ine ndili ndi funso lina. Ndikaona mavidiyo a magulu a ku Africa kuno m'ma circus a azungu, nthawi zambiri avala zikopa za kambuku, mikanda, kumaso apaka, akukuwa. Kodi amasankha okha?

Wonyamula Anzake:
Mchemwali, wagunda pamene pamandipweteka. Nthawi zina timasankha tokha, nthawi zina ayi. Pa circus ina anatipatsa nsalu za mawanga a kambuku, n'kutiuza kuti tilowe tikukuwa, ndipo wolengeza ankati tachokera m'nkhalango. Ine ndinakulira ku Ndirande, kambuku ndinakamuonera ku malo osungira nyama. Tinapita kwa mwini wake tonse pamodzi n'kumuuza kuti tivala zathu. Tinasoketsa za chitenje, mawu a wolengeza anasintha, ndipo anthu anaomba m'manja chimodzimodzi. Koma tinatha kutero chifukwa sewero lathu linali lolimba ndipo ankalifuna. Gulu longofika kumene, lokhala ndi ngongole ya tikiti, limavala chimene lapatsidwa.

Mphunzitsi wa ku Zomba:
Zimenezi zili ndi mizu yaitali. Sarah Baartman wa ku South Africa anayamba kuonetsedwa ku London mu 1810 ngati chinthu chodabwitsa, anamwalira ku Paris mu 1815, ndipo mafupa ake anabwerera kwawo mu 2002. Mu 1899 Frank Fillis, mwini circus wa ku South Africa, anatenga anthu akuda kupita nawo ku Earl's Court ku London pa chionetsero chotchedwa Savage South Africa, kumene ankaseweretsedwa nkhondo ya Amandebele tsiku ndi tsiku n'kumagonja. Chikopa cha kambuku chimene akupatsa anyamata athu lero chachokera kumeneko.

Koma mbiri yomweyo ili ndi mbali ina. Pablo Fanque, munthu wakuda wobadwira ku Norwich, anali mwini circus yake ku Britain m'zaka za m'ma 1800, ndipo azungu ankamugwirira ntchito. Masiku ano abale awiri a ku Ethiopia, Bibi ndi Bichu, amene anasewera nthawi yaitali ku Giffords Circus, anayambitsa Circus Abyssinia yawoyawo, nyimbo ndi nkhani zikuchokera kwawo. Ku Atlanta kuli UniverSoul kuyambira 1994. Wokhala ndi chionetsero ndiye amasankha chovala.

Kamtsikana ka ku Area 25:
Nanga bwanji osatenga zathu zenizeni? Makanja amayenda pa mitengo italiitali kuposa azungu amene ndawaona. Gule atalowa m'tenti anthu angadzadze.

Agogo a ku Mtakataka:
Mwana wanga, pamenepo ayi. Gule si masewera. Makanja amatuluka pa maliro, pa chinamwali, polonga mfumu, ndipo amatuluka ndi chilolezo cha eni dambwe. Kuti UNESCO inamulemekeza gule mu 2005 sikutanthauza kuti wasanduka katundu wogulitsa pa tikiti kawiri pa tsiku. Ukafuna kuyenda pa mitengo, yenda, limenelo ndi luso, palibe akukuletsa. Koma chigoba ndi nyimbo zake uzisiye kumudzi. Munthu wosalowa akavala zimenezo kuti azungu aseke, kusiyana kwake ndi chikopa cha kambuku chija kuli pati?

Kamtsikana ka ku Area 25:
Ndamva agogo, sindinafune kunyoza. Koma magulu a zachikhalidwe amapita naye gule kunja pa zikondwerero.

Agogo a ku Mtakataka:
Amapita, ndipo nazonso akuluakulu ena sagwirizana nazo. Komabe kumeneko amapita eni ake, ndi ng'oma zawo, atagwirizana ndi mafumu. Si bwana wa tenti wowauza kuti mphindi zisanu zakwana, tulukani alowe a njinga zamoto.

Wonyamula Anzake:
Ndili kumbali ya agogo. Tili ndi zambiri zotenga popanda kukhudza zopatulika: kavinidwe ka beni, malipenga, maseche, nyimbo za masewera a ana. Ife timalowa ndi sitepe ya beni ndipo anthu amaimirira.

Ndaona kuti ndakamba zowawa zokhazokha, mwina mphwanga angaganize kuti ndikumuletsa. Ayi. Ntchito imeneyi ndimaikonda. Pabwalo la circus oonerera amakhala pafupi, umaona nkhope ya mwana pamene mnzako wafika pamwamba penipeni n'kutambasula manja, tenti yonse yangoti zii, kenako n'kuphulika. Palibe ukwati wa ku Blantyre umene unandipatsa zimenezo. Ndaphunzira kwa anyamata a ku Morocco, amene kusanjikizana ndi mwambo wa makolo awo, mmene ungaikire phazi la mnzako paphewa kuti lisakupweteke khosi. Lolemba usiku timaphika limodzi ndi a ku Tanzania, iwo amati ugali ife nsima, ufa wake wa Iwisa wa m'masitolo a anthu a ku Africa, ukasowa timagwira ndi semolina. A ku Mongolia amabweretsa nyama, a ku Cuba nyimbo. Ku Germany kuli azibusa ndi ansembe oyendera anthu a circus okhaokha, ndipo ndinaona mwana akubatizidwa pakati pa bwalo, tonse titakhala m'mipando ya oonerera. Obadwira m'mabanja a circus amayamba akuyang'ana patali, koma akaona kuti pa tsiku lozula tenti sukubisala, amakulandira.

Nachisale wa pa Nsalu:
Ndipo ubale umenewo tinauona mu Malichi 2020. Zionetsero zonse zinaima tsiku limodzi, ndege zinaima, ndipo viza yathu silola kulandira thandizo la boma. Cirque du Soleil yeniyeniyo inachotsa antchito 95 pa 100 alionse. Circus ina inakanirira ku Morecambe ndi osewera ake akunja, anthu a m'tauni ndi amene ankawapatsa chakudya. Ife kumene tinali, mphika unali umodzi. Kuyambira pamenepo ndimasunga kaye ndisanatumize.

Mayi a Tadala:
Nanga nyengo yozizira inu mumatani? Athu amabwera kumudzi Novembala.

Nachisale wa pa Nsalu:
Zimatengera mwayi, mayi. Tenti zambiri zimapindidwa kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala. Amene ali ndi sewero labwino amapeza ntchito ya Khirisimasi: ku Hyde Park ku London kumakhala circus mkati mwa Winter Wonderland, ku Germany pafupifupi mzinda waukulu uliwonse uli ndi circus ya Khirisimasi, ya ku Stuttgart ndi imodzi mwa zotchuka. Kulinso nyumba zokhazikika za circus, monga Blackpool Tower imene yakhala ikusewera kuyambira 1894, ndi Hippodrome ya ku Great Yarmouth ya 1903, imene bwalo lake limamira n'kusanduka dziwe. Kumeneko kulibe matope, n'chifukwa chake aliyense amakufuna. Koma dziko lina ndi viza ina, ya Britain sigwira ku Germany.

Kochi wa ku Kawale:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndimaphunzitsa ana masewerawa pa bwalo la sukulu, matiresi athu ndi akale a m'nyumba. Popeza wa pa Facebook uja wagwa, njira yoongoka ndi iti? Anyamata ngati awa ayambire pati?

Wonyamula Anzake:
Akochi, ayambe ndi sewero, osati zidutswa. Mavidiyo a pa Facebook amaonetsa chipidigoli chimodzi chokongola, koma mwini circus amafuna kuona mphindi 6 mpaka 8 zosadukiza, kuyambira polowa mpaka potuluka, ndi nyimbo ndi zovala, kamera ili pamalo amodzi. Akaona vidiyo yodulidwadulidwa amadziwa kuti mwabisa pamene munagwa. Jambulani pansi bwalo lozungulira la mamita 13 kuchoka mbali ina kufika ina. Muyeso umenewu ndi wa kalekale, kuchokera m'nthawi ya Philip Astley amene anayamba zionetsero za akavalo ku London mu 1768, ndipo tenti zambiri zikadali pamenepo. Anyamata azolowere kuti oonerera ali kutsogolo ndi m'mbali zonse ziwiri, asamasewerere mbali imodzi ngati pa ukwati. Ayesenso kuchita sewero lonse kawiri pa tsiku kwa mwezi wathunthu, aone ngati matupi akulola.

Akhale ndi masewero awiri osiyana, mwachitsanzo kusanjikizana ndi mikombero m'gawo loyamba, chingwe kapena limbo ya moto (kudutsa chagada pansi pa ndodo yoyaka) m'gawo lachiwiri, chifukwa circus yaing'ono imafuna gulu lodzaza malo awiri pa pulogalamu. Pakhale mmodzi wodziwa malo a anzake awiri, kuti wina akavulala sewero lisafe.

Akatero alembere okha ku ma circus, pa ma adiresi a pa masamba awo enieni, ndiponso ku sukulu monga Sarakasi ya ku Nairobi, Zip Zap ndi Circus Zambia kupempha maphunziro kapena kusinthana. Pulogalamu ya chaka chamawa eni circus amaimanga chaka chino chikadali pakati, ena amakasankha osewera pa chikondwerero cha ku Monte Carlo mu Januwale, ndiye vidiyo yotumizidwa mu Febuluwale kufuna ntchito ya Malichi yachedwa.

Nachisale wa pa Nsalu:
Ndipo akochi, matiresi a m'nyumbawo asinthidwe musanayambe kuphunzitsa ana kusanjikizana atatu kupita m'mwamba. Ndilembereni kuseri mundiuze kukula kwa malo anu, ndifunse kuno ngati pali achikale amene angatumizidwe pa kontena ya mu Novembala.